Mafupa Amene Ndinakwirira Kuseri kwa Sukulu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndili pamzere wotunga madzi m'komboni ya George ku Lusaka. Inali nthawi imene makampani a boma ankagulitsidwa. Atate, amene anakonza mabasi kuyambira ine ndisanabadwe, anali atangouzidwa kuti akapume kunyumba. Ine ndinali nditamaliza giredi 12, ndinakhoza bwino, koma malo ku koleji sanapezeke. Choncho m'mawa uliwonse ndinkakhala pa chigubu changa pamzerepo, n'kumawerenga buku langa lakale la sayansi kuti mutu usachite dzimbiri.

Tsiku lina mkulu wina wa jekete lotuwa anaima pambali panga n'kusuzumira m'bukumo. Anali ba Chileshe, mphunzitsi wopuma wochokera ku Kasama.

"Imwe, muziba kupunzisa?" anandifunsa.

"Sininayeseko," ndinayankha.

"Bwelani pa Mande. Bana balipo bambili, maticha ndiye kulibe."

Sukulu yawo inali m'nyumba imene kale inali tarveni. Kukatentha, fungo la mowa linkatuluka m'simenti ngati kuti oledzera achoka dzulo. Ana ake anali aja amene makolo awo analephera kuwapezera yunifomu ndi nsapato za kusukulu ya boma. Ankakhala pa mabuloko ndi pa masaka. Bolodi linali khoma limene tinkalidetsa ndi zakuda za m'mabatire otha, zosakaniza ndi masamba a kholowa osinja kuti zigwire. Ba Chileshe anandiphunzitsa kuthyola choko pakati kuti chikhalitse, kulemba dongosolo la phunziro ndisanalowe m'kalasi, ndiponso kulemba mayankho anga ndisanapereke mayeso, kuti pochonga ndisakondere mwana chifukwa cha nkhope yake. Anandipatsa kalasi la ana okulirapo. Ena anali aatali kundiposa.

Nkhani ya zinyama zakale sindinaiyambe ine. Inabwera ndi salaula. M'zaka zimenezo mabelo a zovala zakunja anadzaza misika yonse, ndipo ana ankavala zithunzi za zinthu zimene sanazionepo. Tsiku lina ndikuphunzitsa za nyama za m'Zambia, mtsikana wina dzina lake Bupe anaimirira n'kutambasula sikipa yake. Panali chinyama chobiriwira, cha mano ngati misomali, timanja tating'ono, mchira wautali.

"Ba madamu, iyi ipezeka ku Luangwa olo ku Kafue?"

Kalasi lonse linaphulika. Anyamata amene ankalowa m'tinyumba toonetsa vidiyo anati chinyamacho chili ku Amerika ndipo chimadya anthu ndi magalimoto omwe. Wina anati n'chinjoka cha m'buku la Chivumbulutso. Ine ndinkangodziwa dzina lake, kuti ndi dainoso. Ndinawauza kuti ndikafufuza.

M'katoni ya mabuku opatsidwa amene anali m'kaofesi ka ba Chileshe ndinapezamo limodzi lopanda chikuto, lofotokoza za dziko lapansi lisanakhale ndi anthu. Nditalimaliza ndinakwera minibasi kupita kulaibulale m'tauni. Kumeneko ndinaphunzira za fosilo, ndiye kuti fupa, chigoba, tsamba kapena phazi la chamoyo chakale limene linakwiririka m'matope mpaka kusanduka mwala kapena kusiya chidindo chake m'mwala. Ndinawerenga kuti moyo unayambira m'madzi ndi tinthu tosaoneka ndi maso, kuti nsomba zinakhalako nyama za kumtunda zisanabwere, kuti madainoso anatha kalekale munthu asanaonekere, ndipo mbalame ndiye abale awo amene anatsala. Chimene chinandikwiyitsa n'chakuti zina mwa zinthuzi zinali zathu. Chigaza cha munthu wakale chinapezeka mumgodi ku Kabwe. Kufupi ndi Chirundu kuli mitengo yosanduka miyala. Nditawauza atate, amene makolo awo anachokera ku Malawi ndipo ankakonda kutsegula wailesi ya kwawo, anati anamvapo za mafupa aakulu amene anafukulidwa ku Karonga. Zaka zonse za sukulu palibe amene anandiuzako.

Ba Chileshe sanasangalale nditawauza kuti ndikufuna kuziphunzitsa.

"Ba Mbewe, aba bana bafunika kubelenga na kupenda manambala. Vinyama vinafa kudala vizabatandiza chani?"

"Bana ba bantu bolemela ku Kabulonga bali na mabuku ya ivi pa nyumba," ndinatero. "Ba mu George mitu yabo inapangiwa na chani?"

Pomaliza anati ndizitenga Lachisanu lokha, ana akabwerako kopuma.

Ndinamanga chingwe kuchokera pangodya ya kalasi mpaka pakhomo. Kungodya ndinapachika kapepala ka tizamoyo ta m'madzi. Chingwe chinayenda chopanda kanthu pafupifupi khoma lonse, kenako nsomba, zomera, zokwawa, madainoso, ndipo munthu anali kumapeto kwenikweni, pa mfundo imene ndinamangira pamsomali. Tinaumba dongo, kudindapo masamba ndi zigoba za nkhono, kuthirapo simenti yamadzimadzi, ndipo sabata yotsatira tinamatula n'kuona tsamba lili m'mwala ndi mitsempha yake yonse. Ana ankalimbirana kugwira.

Mayeso oyamba ndinawalemba pabolodi. Pochonga ndi cholembera chofiira ndinaona vuto langa. Mayina aatali a zinyamazo anawaloweza ngati mavesi a ku Sande sukulu, osaphonya chilembo. Koma pa funso lakuti timadziwa bwanji chimene chinayamba kukhalako, ambiri anasiya mzere wopanda kanthu. Ena analemba kuti timadziwa chifukwa ba madamu anatero. Yankho limenelo linandisowetsa mtendere. Ndinkafuna kuti mwana aone yekha umboni, osati akhulupirire pakamwa panga. Ndinaganiza zoti mayeso a kumapeto kwa teremu akhale okumba.

Loweruka masana ndinatenga khasu ndi fosholo n'kukumba dzenje kuseri kwa sukulu, lotalika ngati bedi, lakuya kufika m'mawondo. Pansi penipeni ndinayala dongo, n'kuikamo zigoba za nkhono, minga ya nsomba ndi zidindo zathu za simenti. Ndinakwirira ndi dothi lofiira n'kupondaponda. Pamwamba pake ndinaika mafupa aakulu a ng'ombe amene ndinapempha kubutchala ya pamsika, nditawawiritsa ndi kuwayanika, kuti aimire madainoso. Ndinathira phulusa lambiri, kenako fumbi loyera la miyala, kenako dothi lakuda lochindikala. Chapamwamba ndinaikamo phale la mbiya, chitsekerero cha botolo ndi mafupa a nkhuku. Ndinakhoma misomali m'mbali n'kumanga chingwe, kugawa dzenjelo m'zigawo kuti gulu lililonse likhale ndi pake pokumba. Zida zinali masupuni, miswachi yakutha, kaburashi ka penti ndi rula.

Ndikugwira ntchitoyi, bambo wina wogulitsa makala ankandiyang'ana kudzera pampanda. Ndinamupatsa moni, iye anatembenuka n'kuchoka.

Amene sanakhale mu Lusaka m'zaka zimenezo sangamvetse msanga. Anthu anali ataluza ntchito, maliro anali ochuluka, ndipo aliyense ankafuna wina woti amuloze chala. Mphekesera za asatana zinkayenda m'maminibasi ndi m'misika. Munthu akalemera mwadzidzidzi ankati ndi wa satana. Mwana akadwala kusukulu ankati wapatsidwa chinthu. Pofika Lamlungu madzulo, George yense ankadziwa kuti tichala wamkazi wa kutarveni wakwirira mafupa a anthu kuti atenge nzeru za ana.

Lolemba m'mawa atate anandiimitsa pakhomo.

"Esinati, mwanawe, anthu akakwiya samva za m'mabuku. Khala pakhomo lero."

"Atate, ndikakhala ndiye kuti ndavomera."

Analowa m'nyumba, n'kutuluka atavala ovolosi yawo ya kuntchito imene anali asanaikhudze chichotsedwere. Anayenda pambuyo panga njira yonse.

Phokoso tinalimva tisanakhote pamsika. Pasukulu panali khamu: azimayi ndi ana kumsana, anyamata oitanira maminibasi, azibambo opanda kopita. Ba Chileshe anandikokera m'kaofesi, thukuta lili kamukamu.

"Ba Mbewe, chokelani kumbuyo. Nizabauza ati mwadwala. Tizaitana abusa bapempelele mugodi uja, tichosemo vonse, elo imwe muzapepesa pa miting'i."

"Nipepese chani?"

"Si nkani ya chilungamo iyi, ni nkani ya moyo. Bazashoka sukulu na moto."

Sanali wamantha ba Chileshe. Sukuluyo anaimanga ndi manja awo, ndipo ankadziwa chimene khamu lingachite. Koma ndinaganiza za ana anga. Ndikanathawira kumbuyo, akanaphunzira phunziro limodzi lokha teremu yonseyo: kuti kufunsa za dziko ndi ufiti, ndipo amene anawaphunzitsa anathawa chifukwa ankadziwa kuti walakwa.

"Mayeso yaliko lelo," ndinatero, n'kutuluka kukhomo lakutsogolo.

Kutsogolo kwa khamulo kunaima amake Bupe. Ntchito yawo inali yophwanya miyala m'mbali mwa msewu, ndipo anabwera mmene analili, chitenje chili mbuu ndi fumbi, hamala ili m'manja. Dzanja linalo linagwira Bupe pamkono.

"Ndimwe mwaika mafupa pansi?" anafunsa.

"Ndine."

"Ni ya ndani?"

"Ya ng'ombe, ya nsomba, na ya nkuku yamene tinadya na atate aba."

"Boza!" wina anakuwa kumbuyo. Mwala unagwera pamalata, ana aang'ono anayamba kulira. Ndinaona mwini butchala amene anandipatsa mafupawo ali m'khamumo. Maso athu anakumana, iye anayang'ana pansi.

Ndinayenda kupita pamtengo pamene pankalendewera chitsulo cha gudumu la galimoto chimene chinali belu lathu. Ndinachimenya ndi bawuti mwamphamvu kuposa masiku onse, mpaka anthu anakhala chete chifukwa chosamvana.

"Ni ntawi ya mayeso," ndinatero. "Amene afuna kuona abwele, koma aimilile kuseli kwa ntambo, osakamba, osauza mwana ansa. Mukapeza fupa ya muntu, munipeleke mweka ku polisi."

Ndinatsogola, iwo ananditsatira. Atate anakaima pangodya ya dzenje manja ali kumbuyo, ngati woyang'anira mayeso wotumidwa ndi boma. Ndinaitana gulu loyamba. Palibe mwana amene anasuntha. Aliyense anali m'manja mwa kholo lake, kapena ankayang'ana zala za kumapazi. Ndinaitananso. Ndinayamba kuganiza kuti ndikumba ndekha, ndipo ndinkadziwa kuti zimenezo sizikanatsimikizira aliyense kanthu.

"Mami, nisiyeni," anatero Bupe. "Nabelenga wiki yonse."

Amake anamuyang'ana, kenako anayang'ana ine. Anakweza hamala ija pang'ono kuti ndiione bwino.

"Uyu mwana akadwala olo mutu chabe, nizakupwanyani monga mwala."

"Navomela," ndinatero.

Bupe anagwada pa chigawo choyamba ndi supuni. Anachita monga tinaphunzirira: kupala pang'onopang'ono, kusesa ndi mswachi, kuyeza kuya ndi rula asanachotse chinthu. Chinatuluka chitsekerero cha botolo, kenako phale, kenako fupa la nkhuku. Ndinamufunsa kuti zinthuzi zikutiuza chiyani. Anati panali anthu, chifukwa nyama siumba mbiya. Ndinachonga papepala langa.

Anapitirira dothi lakuda, fumbi loyera, phulusa. Supuni inagunda chinthu cholimba. Mutu wa fupa lalikulu utaonekera, khamu linabwerera m'mbuyo, mayi wina anayamba kupemphera mokweza. Amake Bupe analumpha chingwe, n'kulizula fupalo m'dothi ndi dzanja limodzi. Analitembenuza, kulinunkhiza, n'kuona pamene linadulidwa mosalala.

"Iyi ni ya supu," anatero monyansidwa. "Banadula na sowo."

"Amake Bupe, bwelelani kuseli kwa ntambo. Mwasokoneza umboni wa mwana."

Anandiyang'ana ngati sanamve bwino. Kenako anabweza fupalo pamalo pake n'kubwerera.

Pansi penipeni Bupe anapeza zigoba, minga ya nsomba ndi tsamba la m'simenti. Ndinamufunsa chimene chinayamba kukwiririka. Anati za pansi, chifukwa sungaike dothi pansi pa dothi limene lilipo kale. Ndinamufunsa kusiyana kwa fupa wamba ndi fosilo. Anayankha bwino, ndipo anawonjeza yekha kuti mafupa a m'dzenjeli si mafosilo enieni, akungoimira. Anthu anali atayandikira, ena atakwera pamabuloko kuti aone. Ndinafika pa funso lomaliza.

"Kodi bantu banaonapo madainoso yamoyo?"

Mwina anali atatopa, mwina maso a anthu anamulemera. Anayankha mofulumira: "Ee, benze kuvipaya na mfuti."

Ndinalemba mtanda wofiira. Amake anauona.

"Mwamuchosela chifukwa chani? Mwana akumba bwino apa!"

Ndinauza Bupe kuti aloze pamene anapeza chitsekerero ndi pamene anapeza fupa lalikulu, aone dothi limene lili pakati. Anayang'ana, n'kudzimenya pachipumi.

"Sibanakumane," anatero motsitsa mawu. "Vinasila kudala, bantu bakalibe kubwela."

"Manje mfuti unaziona kuti?" ndinamufunsa.

"Ku vidiyo."

"Ku vidiyo?" anakuwa amake. "Kansi nikakutuma ku manzi ndiye kwamene uyenda? Ndiye chifukwa ukamba ati laini yenze itali?"

Wina anaseka, kenako ambiri. Kunali kuseka kwa anthu amene anabwera kudzaona mfiti n'kupeza nkhani ya m'nyumba mwa mnzawo. Amake Bupe anatembenukira kwa ine n'kunena kuti popeza mwana wakonza yekha, ndimubwezere malikisi ake. Ndinakana. Ndinati yankho loyamba ndi limene limachongedwa, ndipo lamulo limenelo ndi la ana onse. Hamala inali ikadali m'manja mwawo. Tinayang'anizana. Anatsonya n'kukhala pansi pa buloko.

"Itanani benangu," anatero. "Tione ngati bazapasa."

Magulu ena anakumba zigawo zawo mpaka dzuwa linafika pamutu. Makolo ena ankanong'oneza ana awo mayankho, olakwika kumene, ndipo atate ankawaletsa ndi chala. Koma si onse amene anaseka tsiku limenelo. Mabanja angapo anatenga ana awo n'kuchoka, osabweranso. Wogulitsa makala uja anapitiriza kuuza anthu kuti mafupa enieniwo ndinawachotsa iwo asanafike.

Sabata yomweyo komiti ya makolo inakhala pansi. Anagamula kuti ndikwirire dzenjelo, ndisiye phunziro la zinyama zakale, ndiponso ndiime pamaso pa makolo kunena kuti ndinalakwa. Dzenje ndinakwirira, pakuti ntchito yake inali itatha ndipo ana aang'ono akanagweramo. Zinazo ndinakana. Mkulu wa komiti anati ndine mwana wamwano. Ndinamuyankha mwaulemu kuti ndingapepese chifukwa cha mantha amene anthu anamva, koma osati chifukwa cha phunzirolo. Anandiimitsa ntchito mpaka teremu ithe. Ba Chileshe anandiperekeza mpaka pamsewu, kenako anandipatsa mapepala a ana anga m'pulasitiki.

"Malizani kuchonga," anatero. "Iyo sibanakuleseni."

Ndinachonga kunyumba, n'kuyenda khomo ndi khomo kukapereka zotsatira, ngakhale kwa amene anandikuwiza. Ena ananditsekera chitseko. Amake Bupe ndinawapeza pamulu wawo wa miyala. Sankadziwa kuwerenga, choncho anandiuza kuti ndiwawerengere funso lililonse ndi yankho la mwana wawo, iwo akuphwanya. Nditafika pa lomaliza anaimitsa hamala.

"Ija simunabweze?"

"Iyayi."

"Mutu wanu ni wokosa kuchila iyi myala," anatero, n'kupitiriza kuphwanya.

Teremu yatsopano itayandikira, ba Chileshe anabwera kunyumba. Mphunzitsi amene analowa m'malo mwanga anali atachoka, ndipo azimayi ena, motsogozedwa ndi amake Bupe, anakauza komiti kuti akufuna yemwe uja wa mafupa. Ndinati ndibwerera ngati Lachisanu langa lilipo. Anapukusa mutu, koma anavomera. Kuyambira pamenepo George yense ankanditchula ba Mafupa, ena mondinyoza, ena mongozolowera. Ndinkayankha onse.

Patapita zaka ndinapeza malo ku koleji, ndipo ndaphunzitsa sayansi m'masukulu okhala ndi madesiki ndi mawindo. Dzenje ndimakumbabe chaka chilichonse, koma tsopano ndimaitana makolo tsiku lokwirira, agwire okha mafupawo, afunse zimene akufuna. Ndinaphunzira kuti chinthu chimene kholo silinachione limachidzaza ndi mantha ake, ndipo mantha amenewo si uchitsiru: ndi a munthu amene watsala ndi mwana yekha basi. Zimenezo ndimazilemekeza. Chimene sindinalolepo n'chakuti mantha a munthu, kapena udindo wake, kapena chimene wanyamula m'manja, chisankhe funso limene mwana afunsidwe kapena malikisi amene apeze. Aphunzitsi achinyamata amandifunsa ngati sindinaope tsiku lija. Ndimawauza kuti ndinaopa mpaka pepala linanyowa m'manja mwanga, ndipo mtanda wofiira uja unatuluka wokhotakhota. Koma ndinaulemba.